Chithunzi cha Ulimbo pa Khoma la ku Lusaka

Ndine ndinayambitsa, ndipo mpaka lero ndikakumbukira ndimaseka ndekha. Ndinali m'fomu yoyamba pasukulu yogonera komweko kuno ku Chongwe, zaka zija dziko lili m'manja mwa Angelezi. Kapitawo wathu, Bonifasi, ankalanda nshawa zokazinga zimene amayi athu ankatipatsira. Aliyense ankaopa kumunena, chifukwa wezulo wake ukalira ndiye kuti wina akasesa zimbudzi.

Tsiku lina a Tembo, mphunzitsi wathu, analengeza kuti tipita ku Lusaka kukaona zithunzi zojambula pamanja. Anatiphunzitsa mafunso atatu ofunsa chithunzi chilichonse: ukuona chiyani, chinachitika n'chiyani, nanga chichitike n'chiyani? Ine ndinapeza chikatoni, makala ndi dothi la katondo, n'kukabisala kuseri kwa khitchini kujambula chithunzi changa.

Tinafika pa lole, tsitsi lili mbuu ndi fumbi. M'nyumba ya zithunzimo munkanunkhira polishi, pansi poterera moti tinkayenda ngati abakha. Anzanga ali kukamwa yasaa pa chithunzi cha ngalawa pakati pa namondwe, ine ndinasolola changa m'malaya n'kuchimata pakhoma ndi ulimbo wotchera mbalame.

Tinadutsa ngalawa, tinadutsa dona wogwira maluwa, kenaka tinafika pa changa. Panali chimnyamata cha wezulo pakhosi, masaya ali tutumu, thumba lili kumbuyo, ndipo pansi tiana titatu titagwira mimba. A Tembo anavula magalasi, kuwapukuta, kuwavalanso. Kenaka anangofunsa monga mwa masiku onse.

"Mukuona chiyani?"

Yotamu, kamnyamata kachibwibwi kamene sikankayankha m'kalasi, kanakweza dzanja.

"Ni-niona munthu wadya za anzake, aphunzitsi."

"Wadziwa bwanji?"

"Makoko ali pamapazi pake. Ndipo thumba ilo n'la amayi anga, la chigamba chofiira."

"Iwe Yotamu, usamale!" anatero Bonifasi.

"Bwanji, Bonifasi?" anafunsa a Tembo. "Umudziwa munthu wa m'chithunziyu? Chabwino, funso lachitatu n'lako. Chichitike n'chiyani?"

Bonifasi anayang'ana pansi poterera paja. Pang'onopang'ono anavula wezulo n'kuupereka. Kalasi yonse inaphulika ndi kuseka, mpaka mlonda wa nyumbayo anabwera akuthamanga.

Tsoka langa linali ulimbo. Pomatula chithunzicho, penti ya khoma inatsatira, ndipo a Tembo anapepesa kwa eni nyumba chipewa chili m'manja. Wojambula sanavutike kumupeza. Zala zanga zinali zitamatirira kuthumba la kabudula.

Masiku ano adzukulu anga amaona zithunzi zambirimbiri pafoni, chala chikungoseresa, osafunsa ndi funso limodzi lomwe. Ife chimodzi chokha, cha makala, chinagwetsa kapitawo.

Chilango changa chinali kuzula chitsa cha mubanga kuseri kwa ofesi. Chinandidyera Loweruka atatu ndi matuza m'manja monse. Koma sindinakumbepo ndi njala. Ana a fomu yoyamba ankabwera mmodzimmodzi, aliyense ndi kadzanja ka nshawa, Yotamu n'kukhala pachitsapo kundiyang'anira ntchito. A Tembo podutsa anaima, natola nshawa ziwiri m'chipewa changa.

"Masaya aja unawakulitsa kwambiri, Lazaro," anatero akutafuna. "Koma thumba lija unalikhoza."