Mapepala Amene Sanafike ku Indianapolis

Mchimwene wanga Limbani anamuwombera masanasana m'shopu yomwe ankagwirako ntchito ku Lafayette Road. Womuphayo ali kundende, akudya katatu pa tsiku, ndipo ine sindinasiye kumufunira imfa.

Chaka chatha amayi abusa a kutchalitchi kwathu ku South Bend anayamba kusainitsa anthu chikalata chopempha boma kuti lithetse chilango cha imfa. Ankati kunyonga sikuopseza zigawenga, komanso makhoti amatha kulakwitsa. Atafika pa ine anandigwira dzanja.

"Achemwali, inuyo mukasaina, ena onse asaina."

Ndikanangokana. Koma ndinamwetulira n'kusaina, mpaka ndinadzipereka kukasiya mapepalawo kwa loya wina ku Indianapolis, poti ndinali ndi ulendo wa komweko.

Sanafike. Nditaima pothira mafuta ndinawaponya m'bini, n'kuwathira khofi wotsala m'kapu kuti wina wachifundo asawatole. Mtima unati myaa. Ndinalowa mu Indianapolis ndikuimba nyimbo ya kwaya.

Lamlungu amayi abusa anandifunsa kuti, "Munakadiropa mapepala aja?"

"Ndinakadiropa, amayi."

Basi anandiimika kutsogolo n'kuuza mpingo wonse kuti, "Kukhululuka kwenikweni ndi uku." Anthu anawomba m'manja, ena mpaka misozi. Ine ndinazolika ngati wodzichepetsa, kwinaku ndikuopa kuti loya uja angaimbe foni.

Bodza limenelo limandichititsa manyazi mpaka lero. Koma atandipatsanso mapepala ena mawa, sindikulonjeza kuti akafika.