Nsanza za Mayi Hana

Mayi Hana anabadwira ku Msakambewa, koma anapita kuchitengwa ku Ntchisi, kumudzi wogundizana ndi nkhalango. Munda wawo ndiwo wakumapeto. Ukangodutsa mzere womaliza wa chinangwa, walowa m'mitengo. Amuna awo, a Nowa, anali katswiri wa misampha ya nguluwe, mpaka chaka china nguluwe yovulala ndi msampha inawang'amba ntchafu. Bala linakana kupola, ndipo anaikidwa chimanga chisanache.

Misampha mayiwo sanafune kuiona. Anayamba kusinja tsabola wa kambuzi ndi adyo, n'kuthira mumgolo pamodzi ndi zinyenyeswa za fodya ndi masamba a nimu. Madzi akada, ankaviikamo nsanza n'kuzimangirira pa zikhomo kuzungulira munda. Fungo lake ngakhale munthu linkamutsamwitsa. Nguluwe zinkafika, kupalasa pansi, n'kubwerera. Ana awo awiri anamaliza sukulu ndi chinangwa chimenecho.

Dzinja lina mvula inawoletsa nsanza zambiri. M'nyumba munalibenso chong'amba, koma malaya a malemu amene anakhalitsa m'sutikesi. Anawagwira nthawi yaitali, kenako anang'amba amodzi, kuviika, n'kumanga mbali ya kunkhalango.

M'mawa mwake, chifunga chisanachoke, anapeza chikhomo chimodzi chili chokha. Nsanza sinazomoledwe ayi. Yonse inachoka, popanda ulusi wotsalira, ngati yamasulidwa ndi zala. Pansi panali mapazi a nguluwe okhaokha, ndipo chinangwa sichinakhudzidwe.

Tsiku lililonse kunkasowa nsanza ina, ya malaya omwewo. Zachitenje zinkatsala.

Anakauza alamu awo, a Elifala, mkulu wa mpingo.

"Ndi mphepo imeneyo, alamu," anatero a Elifala.

"Mphepo imasankha nsalu?"

A Elifala anatenga chikwanje, ndipo awiriwo anatsata mapaziwo dzuwa lili pamutu. M'nkhalangomo munali zii, mbalame osamveka. Anatsetsereka kukhwawa, ndipo pansi pa mtengo wakugwa anaona mulu wa udzu wounjikidwa bwino, momwe nguluwe imaswera. Pakati pa udzuwo panayalidwa nsanza zija, kolala ndi mabatani ake, ndipo tiana tamizeremizere tinagonapo, fungo la tsabola lili guu.

Make anali chapatali pang'ono, chiimire. Sanalire, sanathamangitse munthu. Anangowayang'ana Mayi Hana, osaphethira. Mwendo wake wakutsogolo unali ndi chipsera chozungulira, cha waya wa msampha.

A Elifala anayamba kukweza chikwanje pang'onopang'ono.

"Tsitsani, alamu," ananong'ona mayiwo. "Tiyeni tizipita."

Anabwerera chafutambuyo mpaka anatuluka m'khwawamo. Panjira a Elifala anayamba nyimbo ya m'buku, koma inawathera pakamwa vesi loyamba lisanathe.

Malaya otsala Mayi Hana sanawang'ambenso. Anakagula masaka akale ku Mponela, ndipo mankhwala aja akupangabe mpaka lero. Amayi a m'mudzimo amabwera ndi zigubu kudzatunga. Mayi Hana akafunsidwa za kukhwawa kuja amangoti m'nkhalango muli eni ake. A Elifala anapempha malo ena kutsidya kwa msewu, ndipo munda wawo wakale wa kufupi ndi nkhalango unamera tchire.