Mango amene alamu anga sanadzale

Lachiwiri lapitali ndinatsala pang'ono kuthyola tebulo la boma. Ndikuulula ndekha ena asanakuuzeni ndi zowonjezera zawo, chifukwa pabenchi ya ofesi ija panali anthu ambiri, ndipo pakamwa pawo sipatseka.

Tinapita anayi: ine, achemwali anga a Esinala, amuna awo a Zuze, ndi atsibweni athu a Yohane.

A Zuze ndi a kutsidya kwa nyanja. Anabwera ine ndikadali kamwana ka kabudula wong'ambika, kudzasema mabwato pafupi ndi pamene Bua amathira m'nyanja. Anasema limodzi, lachiwiri, kenako anaona achemwali anga akuwokera mpunga kudambo, basi ulendo wobwerera unathera pomwepo. Anamanga nyumba pamudzi pathu ngati mkamwini wina aliyense. Lero ali ndi ana atatu.

Ndiye mukudziwa zimene zikuchitika kutsidyako. Anthu akuthawa nkhondo, akuwoloka ndi mitolo pamutu. Tsono kwamveka zoti wa kutsidya aliyense amene alibe mapepala alembedwa limodzi ndi anzake a kumsasa wa othawa nkhondo, ndipo nkhondo ikadzatha adzabwerere kwawo. Kwawo kuti? Mudzi wa a Zuze unapsa. Mayi awo anamwalira kalekale. Achemwali anga anasiya kudya bwino atamva zimenezi, n'chifukwa chake tinakwera basi kupita ku boma kukapempha kuti mwamuna wawo akhale muno mwalamulo.

Tinapeza kalaliki wa magalasi ndi tayi. Anamvetsera nkhani yonse, kenako anafunsa kuti, "Setifiketi ya ukwati ili kuti?"

Atsibweni anaimirira, n'kukonza jekete lawo la kumaliro.

"Ndine pano."

"Pepani bambo, ndati setifiketi."

"Ndakumva, mwana wanga, makutu anga ndi abwino. Nkhoswe ya ukwati uwu ndine. Tambala ndinalandira ndine. Akayambana amayenera kubwera kwa ine, kungoti zaka zonsezi sanabwerepo. Ukufunanso ina iti?"

Musawaseke. Tonsefe tinanyamuka kumudzi tikukhulupirira kuti tatenga umboni waukulu kuposa wina uliwonse. Kwathu ukwati sukhala m'sutikesi, umayenda ndi ndodo.

Kalaliki uja anavula magalasi n'kupukuta m'maso. "Bambo, ndakumvani bwino. Koma inuyo sindingakupindeni n'kukuikani mu envulopu yopita ku likulu."

Pabenchi panabuka phwete.

Anapitiriza kufotokoza kuti zikanakhala kuti mwamuna ndiye wa kuno, mkazi wa kutsidya, bwenzi njira ili yaifupi, chifukwa pa malamulo mkazi ndiye amatsata mwamuna. Koma kwa ife njira ndi yaitali: choyamba chilolezo chokhazikika m'dziko muno, za unzika pambuyo.

Apo ndiye ndinaphulika.

"Mkazi atsate mwamuna? Kuno? Kodi inu munabadwira kuti?"

Ndinamenya tebulo mpaka botolo la inki linalumpha. Mesenjala wa pakhomo anasuzumira. Ndinali nditakoka kale mpweya kuti ndinene zambiri pamene ndinamva wina akukoka malaya anga kumbuyo, pang'onopang'ono, ngati mmene umakokera chingwe cha mbedza.

"Alamu," anatero a Zuze, "takhalani pansi. Mukathyola tebuloli, pepala langa alembera pati?"

Ndinakhala.

Akanakhala kalaliki wina, akanaitana apolisi. Kalaliki uja anangowongola botolo lake la inki, ndipo ngati akuwerenga izi adziwe kuti ndachita manyazi. Lamulo sanalembe ndi iye. Anatiuza kuti ankhoswe akalumbire kukhoti kuti ukwati ulipodi, adinde chala, pepalalo likhala m'malo mwa setifiketi. Kenako anati pakufunikanso nzika ya dziko lino, yodziwa kulemba, imene ingaikire umboni munthuyu. Onse anayang'ana ine. Sukulu ndinalekera sitandade sikisi, koma pabanja pathu ndine wa cholembera.

Anandipatsira fomu n'kundimasulira funso lake. "Apa mulembe ngati mumamudziwa munthuyu, ndi khalidwe lake. Mulembe zoona."

Zoona. Dzanja langa, lomwe lija linamenya tebulo, linakanika kuyenda.

Zoona zake ndi izi. Dzinja lathali ndinabwereka kasemasema wa a Zuze popanda kupempha, ndinakamenya naye pamsomali, n'kubenthuka. Munthu wosema mabwato, kasemasema ndiye khasu lake. Iwo sanakalipe. Anangoti, "Alamu, tsiku lina muzindiuza, ndikupatseni wina wakale." Basi. Mawu awo omwewo. Koma ine, pamaso pa anthu amene ankasoka ukonde pamchenga, ndinakuwa kuti, "Kodi pano ndi panu? Mabwato mumasema nokha. Kwerani limodzi muzipita kwanu!"

Iwo anatola kasemasema wawo n'kukakhala pamwala, kuyamba kunola. Mawa lake anandipatsa moni ngati kale. Ine ndinaganiza kuti zatha.

Tsono ndili ndi cholembera m'manja, ndinadzifunsa kuti kodi kalaliki amene ndamukalipirayu wanena chiyani choposa chimene ndinanena ine? Iye wati njira ndi yaitali. Ine ndinati njira ndi iyo, nyamukani.

Ndinalemba. Chizungu changa n'chothyokathyoka, choncho ndinalemba m'Chichewa, kalaliki n'kumasulira pansi pake. Ndinati munthuyu ndiye anandiphunzitsa kupalasa. Ndinati bambo athu atadwala, ndiye anawaberekera kumsewu. Ndinati sindinamumvepo akutukwana. Malo olembapo anatha ndisanamalize.

Kukhoti atsibweni anadinda chala chawo. Mpaka lero akukana kuchisambitsa bwinobwino, akungoonetsa aliyense amene wakumana nawo kuti, "Taonani setifiketi."

Koma zimene zandilembetsa lero zinachitika podikira basi yobwerera. A Zuze anapita ndi atsibweni kukafuna fodya, ine ndinatsala ndi achemwali anga pansi pa khonde la sitolo. Iwo anayang'ana kumsewu, osati kwa ine.

"Iwe Lasitoni, ukukumbukira zitini zija zinali kuseri kwa nyumba yathu?"

"Zitini zanji?"

"Za mango. Alamu ako anafesa mbewu zisanu za boloma, n'kumathirira m'mawa uliwonse. Ankati mwina tsopano nthawi yakwana yoti nawonso adzale kanthu pano. Tsiku lija unalankhula kumchenga, madzulo ake anazinyamula zonse kukapereka kwa aphunzitsi a kusukulu."



Abale anga a m'mbali mwa nyanja, kuyambira ku Mwadzama mpaka ku Ngala, tiyeni tinene zimene tonse timazidziwa. Mkamwini sadzala mtengo. Palibe amene amamuletsa pakamwa. Koma iye amadziwa kuti chinangwa ndi cha chaka chimodzi, mpunga ndi wa miyezi yowerengeka, pamene mango amafuna munthu wodziwa kuti adzakhalapo. Tayendani m'mudzi mwanu muwerenge. Nyumba ya mkamwini mudzaidziwa ndi bwalo lopanda mthunzi.

Denga la apongozi likadontha, timaitana ndani? Maliro akachitika, wokatema nkhuni ndi ndani? Bwato likatsakamira pamchenga, paphewa pa ndani? Koma tikakhala pansi kukamba za munda, za ana amene iye mwini anabereka, timati, "Inu alamu, tadikirani kaye, izi ndi za eni ake."

Ndipo uyo ndi mkamwini wochokera mudzi wa tsidya la mtsinje, amene akapsa mtima amakwera njinga n'kukadya kwa mayi ake. Nanga amene kwawo kuli tsidya la nyanja, kumenenso kulibe nyumba? Ameneyo ndi mlendo kawiri. Kuofesi alibe pepala, pamudzi alibe mawu.

Sindikunyoza mwambo. Chikamwini chimasunga alongo athu pafupi, pamene tingawaone akamavutika, ndipo ine sindingalole kuti achemwali anga apite kumene sindingafikeko. Koma mwambo womwewo umatipatsa ife achimwene mphamvu yaikulu, ndipo ena mwa ife timaigwira ngati mmene ine ndinagwirira kasemasema uja. Timabenthula chinthu cha mwini, n'kumakalipanso.

Ndinakwiya kuti boma likufuna pepala kwa munthu amene wakhala nafe zaka zonsezi. Koma boma lili ndi chifukwa, silimudziwa. Nanga ine, amene ndimadya chambo cha mu ukonde wake?

Mapepala apita ku likulu. Kalaliki anati tidikire, ndipo sanalonjeze kanthu. Mwina avomera, mwina atiitananso. Achemwali anga akumva kulira kwa njinga iliyonse ngati ya mesenjala.

Lachisanu ndinapita kusukulu kwa aphunzitsi aja. Mitengo inayi anali atadzala kale, koma umodzi unatsala m'chitini, mizu itatulukira pansi. Nditawafotokozera, anati, "Tenga. Ukanamaliza sukulu bwenzi utadziwa kale zimenezi." Tsiku lina ndikanawayankha. Ndinangonyamula chitini.

Ndinakakumba dzenje pabwalo la achemwali anga, kutsogolo, pamene aliyense wodutsa angaone. A Zuze anatuluka atanyamula kasemasema uja, amene anamunola mpaka pobenthuka paja panatha. Anayang'ana dzenje, anayang'ana chitini.

"Alamu, yankho la ku boma silinabwere."

"Ndikudziwa."

"Nanga akakana?"

"Akakana tipitanso. Tebulo sindimenyanso, ndalumbira. Koma ili ndi yankho langa. Dzalani."

"Dzalani ndinu, dothi ndi lanu."

"A Zuze," ndinatero, mawu akuyamba kukwera monga mwa nthawi zonse, "musandikwiyitse."

Anaseka mpaka misozi, kapena inali misozi kale, sindikudziwa. Anaika kasemasema pansi, anagwada, n'kung'amba chitini mosamala kuti mizu isaduke. Anakwirira ndi manja, n'kutsendera ndi zikhatho. Achemwali anga anabwera ndi ndowa ya madzi.

Atatha anaimirira n'kuyang'ana kumene dzuwa limadutsa masana, n'kuloza pansi, mamita angapo kuchokera pakamtengoko.

"Mthunzi uzidzafika apa," anatero. "Mpando wanga udzakhala apa."

Nanga inu, mkamwini wa pakhomo panu akudziwa pamene adzaike mpando wake?