Nkhope Yomwe Inapita ndi Fodya

Chaka chimene ndinakwatiwa tinkalima fodya pa esiteti ina cha ku Njombwa. M'nyumba yoyandikana ndi yathu munkakhala amayi ena achikulire ochokera ku Mozambiki, othawa nkhondo ya Apwitikizi. Tinkasankha fodya limodzi m'chigafa, ndipo ine ndi pakamwa pangapa ndinkawaseka kuti manja awo ndi ozizira.

Pakhoma m'nyumba mwawo anamatapo chipepala chachikulu cha boma la Apwitikizi, mwa zija ankakhoma m'misika poopseza anthu za chikomyunizimu. Pamwamba panali chinjoka chofiira, pansi mnyamata wowonda akupereka mfuti kwa msilikali wachizungu, kumwetulira kwake kochita kuuzidwa. Tsiku lina ndinafunsa, "Amayi, zoopsazi mukusungiranji?"

"Ndi mwana wanga uyu," anatero.

Asilikali anamugwira kutchire, kumujambula, ndipo sanaonekenso. Amayiwo anakanganula pepalalo pamtengo wa pamsika wa kwawo, n'kulipinda m'chitenje mpaka kuno. Zolembedwapo sankazidziwa, analibe nazo ntchito. Chithunzi china cha mwanayo kunalibe.

Ndiye kunamveka kuti anyamata a chipani akubwera kudzaona makadi nyumba ndi nyumba. Masiku amenewo pakhoma pankayenera nkhope imodzi yokha, ya mtsogoleri wa dziko. Komanso kaya pepalalo likutukwana chikomyunizimu kaya likuchitama, ndani akanakhala pansi kumasulira Chipwitikizi? Amuna anga anawauza kuti alichotse msanga. Amayiwo osauza munthu analilowetsa pakati pa mulu wa fodya wosankhasankha, poti mlendo sapisamo dzanja mmenemo.

Kwawo sankalima fodya wogulitsa, choncho sankadziwa kuti fodya akafewa ndi chinyezi sadikira munthu. Kutacha kunagwa nkhungu. Akapitawo anaitana amuna onse, fodya uja kumuthira mu jeke yopangira mabelo, kupondereza, kusoka ziguduli. Ife akazi tinali kudambo kotunga madzi. Pobwera tinakumana ndi lole ikutuluka pachipata, mabelo ali phaa, ulendo wa ku okushoni ku Limbe.

Amayi aja anaponya ndowa pansi n'kuthamangira lole ija, chitenje chikumasuka, mpaka fumbi linawabisa. Atabwerera, akapitawo anati belo likasokedwa silimasulidwa, ndipo ngakhale lole itaima, mabelo onse amafanana. Anyamata a makadi aja sanabwere n'komwe.

Zinandiwawa, ndipo mpaka lero zimandiwawa. Zowaseka zija ndinasiyira pomwepo. Amayiwo anakhala nafe nyengo ina ya fodya, akugwira ntchito, chakudya n'kumangotola pang'ono. Masana ena tili m'chigafa anandigwira pamkono.

"Mwanawe, iwe unamuona mwana wanga papepala lija. Khutu lake lopindika lija linali la mbali iti?"

Ndinayesetsa kukumbukira, koma ayi ndithu. Ndinangoti lakumanja. Anagwedeza mutu, nati nawonso akuganiza choncho.