Ndinapukusa Mphepo Ndili Padzuwa

Ndinapukusa ine, ndinapukusa, ndinapukusa, mphepo n'kumadya ena. Lero zidzukulu zanga zimadzaza mphasa ziwiri, ndimaseka tsiku lonse ngati wamwa thobwa lowawasa, koma ndikakumbuka nkhani iyi mtima umawira ngati zachitika dzulo.

Anali masiku aja asilikali atangobwerako kunkhondo. Amuna anga anali mkamwini kwathu kwa Maganga, mmisiri wokhoma malata: ndowa, mbaula, tinyali ta koloboyi. Chisakasa chawo chogwiriramo ntchito chinali cha bango, denga lake la zitini zosalaza. Kutentha kwa ku Salima mukukudziwa. Mwezi wa Okutobala ngakhale nkhuku zimayenda kukamwa kuli yasa, ndiye muganize munthu pansi pa malata, mbaula ili pambali.

Tsiku lina anabwera ndi chinthu panjinga, chozungulira ngati nkhono, dzimbiri lokhalokha. Akuti mvukuto wachizungu, unkakolezera ng'anjo ya osula zitsulo kunjanji, watha ntchito, autaya. Wathu uja ndi wachikopa cha mbuzi. Uwu unali wachitsulo, mapiko m'mimba, mpini wopukusa pambali. Mpiniwo utauma gwa.

Anaukwecha ndani? Ine. Mchenga ndi phulusa, mchenga ndi phulusa, masiku atatu. Ndinali ndi pakati pa miyezi isanu ndi iwiri, ndipo mafuta a nsatsi amene ndinkasungira mwana akadzabadwa ndiwo ndinadonthezera m'mano mwake. Unalira, ee, unalira! Vuuu! Kutuluka fumbi, zisa za mavu, ndi buluzi mmodzi wodabwa.

Nzeru inalinso yanga. Ndinati, "Bambo, moto wanu ndi wa makala asanu, chinthuchi chingauluze mbaula yonse. Lozetsani kukamwaku kwa munthu, kuzikukupizani."

Anakhoma paipi ya malata, yokongola ndithu, sindiwanamizira. Koma akuti m'chisakasa malo achepa. Anaukhazika mvukutowo kunja, kuseri kwa khoma, paipi n'kuilowetsa m'bango. Mphepo m'kati, mpini kunja. Kunja kwake kumadzulo, kumene dzuwa la masana limafikira ngati lakwiyira munthu.

"Amayi, tapukusani pang'ono, alendo aone," anandiuza amuna anga.

Pang'ono ameneyo anakhala masabata atatu.

Mbiri inamveka. Amuna a m'mudzi anasamutsira bawo lawo m'chisakasamo. Ngakhale asodzi ochokera ku Mbenji, obwera kudzagula nyali, ankavula malaya n'kukhala pansi osachoka. Ine kuseri ndinkamva zonse, bango silisunga mawu.

"Walahi, amisiri," anatero msodzi wina, "mwatsekera mwera m'chitini!"

"Nzeru, achimwene, nzeru," amuna anga akuyankha. "Mutu uwu si woikira chipewa chokha."

Mutu uwu! Nanga wanga unali woikira nkhata basi?

Mkono ukalema, ndikapumira pang'ono, mawu ankaboola khoma. "Kodi kunjako mwagona? Mphepo yafa kuno!" Wina n'kuwonjeza, "Alamu, limbikani, ndatsala pang'ono kumudya munthuyu!" Kuseka gwedegwede. Thukuta langa likuyenderera mpaka m'zala za kumapazi.

Mufunsa kuti osakana bwanji. Anamkungwi anatiuza kuti mwamuna sachititsidwa manyazi pamaso pa alendo, ndipo mkazi sakhala pabawo la amuna. Ine ndinali mwana, ndinameza malangizo ndi minga yomwe. Chondipweteka kwambiri, mphepoyo ndinali ndisanailawe. Tsiku lina m'mawa, m'chisakasa mulibe munthu, ndinapukusa mwamphamvu n'kuthamanga kuzungulira khoma, mimba patsogolo, ine pambuyo. Ndikufika kupaipi, zii. Yafa. Ndinayesa katatu. Kachitatu ndinakhala pansi n'kulira.

Kenako mapazi anayamba kutupa. Mwana amene ankandimenya m'mimba ngati ng'oma anayamba kukhala chete masana onse. Ndinaopa, koma ndinapukusabe. Mpaka tsiku limene dziko linazungulira pamodzi ndi mpini, ndinagwa cham'mbali, khuu.

Anandipeza ndi amayi anga ondibala, akuchokera kumunda wa mpunga. Anandithira madzi kumaso. Anayang'ana mapazi anga, anayang'ana mpini, anamvetsera mawu aja akuti, "Mphepo yafa kuno!" Sanakalipe ayi. Anangopita kunyumba, kukatenga mphasa, n'kundigwira dzanja.

Ana a lero simudziwa, koma kwathu mkamwini ndi apongozi ake aakazi sankayang'anizana. Akakumana panjira, mkamwini ankalowa patchire, minga kaya njoka. Kukhala denga limodzi ndiye kunali kosatheka.

Amayi analowa m'chisakasa osaodira. Anayala mphasa patsogolo penipeni pa paipi, n'kukhala, miyendo tambalale.

Mayo ine, chisokonezo chake! Amuna anga anaponya nyundo, anaphimba nkhope ndi chipewa. Khomo linali limodzi, amayi ali chapafupi nalo. Anang'amba bango ndi mutu ngati nguluwe, n'kutulukira kuseri. Anzawo aja anatola malaya, mmodzimmodzi, "Tapita, amayi, tapita," bawo kulisiya lili pakati.

Kuseri kumene anathawirako n'kumene kunali mpini.

Amayi analankhula kwa ine, pakuti kwa mkamwini sakanalankhula. "Mwanawe, uwauze eni chisakasa kuti kwabwera mlendo. Wamva kuti kuno kuli nzeru, akufuna aione."

Ine mokweza, "Bambo, mwamva?"

Kuseri kunamveka kamawu kakang'ono, "Ndamva."

Vuuu!

Ee, mphepo! Mphepo, mphepo, mphepo iwe! Inandilowa m'khosi, inandilowa m'khwapa, inakweza mpango wanga. Ndinatsinzina. Patapita kanthawi mwana anandimenya, du, kenaka du du. Ndinagwira dzanja la amayi n'kuliika pamimba. Iwo anangogwedeza mutu.

Dzuwa linapendeka, mphepo inayamba kufooka, kupuma kwa munthu kukumveka kuseri.

"Tawafunsani amayi ngati yakwana."

"Uwauze kuti ikakwana tiwauza," anatero amayi, akusenda chinangwa.

Mawa lake anabweranso ndi mphasa yawo, mkucha wakenso. Tsiku lachinayi tinamva kukhoma kuseri kuyambira m'mamawa. Amuna anga anachotsa gudumu la njinga yakutha, tcheni ndi chopondera, analumikiza ndi chingwe chodutsa pansi pa khoma, kuti munthu azipondaponda ndi phazi limodzi ali khale m'kati, pamthunzi, mphepo ikumuwomba iye mwini. Anamanganso kadenga pamwamba pa mvukuto, akuti chitsulo chingatenthe.

Masiku anayi! Nzeru imene inasowa masabata atatu ndikupsa ine ndi mwana m'mimba, inapezeka masiku anayi atapsa iwo. Ndipo chitsulo anachimangira denga.

Mwanayo anabadwa wamoyo, wamkazi, wolira ngati mluzu. Ndinkamuyamwitsa m'chisakasa momwemo, phazi langa pachopondera. Amuna a bawo aja akasuzumira pakhomo ndinkawauza kuti pansi pa mtengo wa mango palinso mphepo, ya Mulungu, yosapukusa munthu.