Tsiku limene tiyi anasiya kundinunkhirira

Ntchito yanga yoyamba anandipezera ndi azakhali, amene amathyola tiyi pa esiteti ina ku Thyolo. Anamva kwa akapitawo kuti kukiliniki ya pa esitetipo kukufunika wothandiza anamwino. Ndinayamba ntchito korona atangofika kumene.

M'mawa ndinkasungunula klorini m'ndowa ziwiri: wamphamvu wokolopera pansi ndi kupukutira mabenchi, wofewa wosambira m'manja pakhomo. Kenako ndinkaima pakhonde ndi kachipangizo koyezera kutentha pamphumi, komwe odwala ankakatcha kamfuti. Tonsefe tinkakakhulupirira mopitirira muyeso. Kakati uli bwino, nkhani yatha.

Lachisanu lina ndinabwera nditalongedza kale chikwama. Ndinali pa ulendo wa ku Masambanjati kwa amayi anga, omwe amadwala shuga, ndipo kumeneko timagona chipinda chimodzi. Ndinadziyeza ndi kamfuti, thupi silinatenthe. Chifuwa ndinalibe. Koma klorini wa tsikulo sankandimvekera fungo, choncho ndinadandaula kwa a Sisitala, namwino wathu wamkulu, kuti atitumizira wosukuluka.

"Wosukuluka? Ine mphuno zikuwawa ndili kuno. Tatuluka panja, ukandiuze ngati ukumva tiyi."

Amene anakhalako pa esiteti amadziwa kuti fakitale ikamaumitsa masamba, fungo lake limalowerera mpaka m'zovala. Utsi ndinkauona, phokoso la makina ndinkalimva. Ndinatsitsa masiki n'kukoka mpweya. Palibe chomwe ndinamva, ndipo mantha anandigwira.

"Komatu kamfuti kakuti ndili bwino," ndinatero.

"Kamfuti kalibe mphuno. Bweza chikwamacho, kwa amayi ako supita."

Kunena zoona ndinawakwiyira, chifukwa ndinali nditawasowa amayi. Anandiyeza ndi kathonje m'mphuno, ndipo zotsatira zitabwera zinaonetsa korona. Ndinabindikira m'kanyumba kuseri kwa kiliniki, usipa ndikumautafuna ngati pepala. Amayi anaimba foni akudandaula: "Ndinakuphera nkhukutu, mwana iwe." Ndinawauza kuti adye okha, misozi ili mbwembwembwe.

Fungo linabwerera pang'onopang'ono, ndipo loyamba kulimva linali la tiyi yemweyo. Kuyambira pamenepo, wodwala aliyense ndimamufunsa ngati akumva fungo, ndisanamuloze ndi kamfuti. Nanenso m'mawa uliwonse ndimayamba ndaima pakhonde, kuyang'ana kufakitale n'kununkhiza. Anzanga atsopano amandiseka kuti ndimakonda tiyi ngati bwana. Ndimawasiya aseke. Amayi anga alipo mpaka lero, ndipo za nkhuku ija sanasiyebe kundikumbutsa.