Kamera Imene Sindinatumize ku Chifubu

Ndinaganiza zopita ku Joni tsiku limene tinajambula ukwati ku komboni ya Ndeke, eni ake n'kutitsanzika ndi mawu okoma komanso mbale ya mpunga m'malo mwa ndalama. Tinali mu minibasi yobwerera kwathu ku Chifubu, ku Ndola, ine ndi mkazi wanga Esnati, chikwama cha kamera chili pamiyendo pake. Msuweni wanga anali atandiuza kuti situdiyo ina ku Joniko ikufuna wojambula. Nditatchula nkhaniyo, Esnati anayang'ana pawindo nthawi yaitali.

"Nanga kamera?" anafunsa.

"Ndipita nayo. Koma ndikangokhazikika, amake Taonga, ndidzakutumizirani yanu yatsopano."

Kamerayo inali imodzi, koma ojambula tinalipo awiri. Ndine ndinamuphunzitsa Esnati, ndipo pasanathe chaka anandiposa. Ine ndinkadziwa mabatani, iye ankadziwa anthu. Pa kitchini pate kapena pa chilangamulilo, mwambo wophikira mkwati, pamene azimayi amavina momasuka chifukwa palibe amuna, ndiye ankaitanidwa. Choncho pokwera basi ndi kamera ija, ndinanyamulanso ntchito yake. Ndinkadziwa zimenezo, koma ndinadziuza kuti ndi miyezi sikisi chabe.

Ku Joni ndinkagona m'chipinda chimodzi ndi amuna ena atatu, aliyense ndi mphika wake ndi loko wake. Ntchito inalipo. Loweruka lililonse ndinkajambula chimwemwe cha anthu amene sindinkadziwa ngakhale mayina awo, Lamlungu ndinkakhala pabedi ndikumvetsera mawu amene Taonga, mwana wathu wamkazi, ankanditumizira pa foni. Ankandiuza za dzino limene lachoka, za mphunzitsi waukali, za galu wa aneba. Ena ndinkawamvetsera kasanu. Esnati ankalemba zochepa. Anandiuza kuti wayamba kugulitsa salaula, zovala za kaunjika, pamsika wa Chifubu podikira kamera, ndipo sanadandaule. Ndalama ya lendi ndi ya sukulu ndinkatumiza mwezi uliwonse, ndipo kenakake ndinkasunga pambali.

M'chaka chachiwiri kamera yathu inafa. Shata inangolira kamodzi, n'kuima. Ndinatenga zonse zimene ndinasunga n'kupita kushopu ya makamera m'tauni. Wogulitsa, bambo wa imvi, anaika makamera awiri opanda malenzi patebulo. Ina inali ya akatswiri: yaikulu, yolemera, yolowa makadi awiri osungira zithunzi, yosaopa mvula kapena fumbi, ndipo inkajambula bwino ngakhale pamalo amdima. Inayo inali yapakatikati, yopepuka, ya kadi imodzi, mtengo wake theka la inzake. Malenzi anga akale ankakwana pa zonse ziwiri.

Bamboyo sanandinyenge. Anandiuza kuti kukakhala kowala, palibe kasitomala angasiyanitse zithunzi za makamera awiriwo. Anati yaikuluyo ndi ya munthu amene amajambula tsiku ndi tsiku m'maholo amdima, ndipo ambiri amaigula asakuifunikira.

Ndalama yanga inkakwana yaikulu imodzi, kapena zapakatikati ziwiri, ina yanga, ina ya Esnati. Ndinapita kushopuko katatu m'sabata imodzi. Ndinkadziuza kuti makadi awiri ndi ofunika, chifukwa kadi ikafa pa ukwati wa eni, dzina lako lafanso. Zinali zoona, koma sichinali chifukwa changa chenicheni. Pa maukwati a ku Joni ojambula anzanga ankayamba ayang'ana kamera yako asanakupatse moni. Wina anandifunsapo ngati ndinali malume a mkwatibwi amene angobwera ndi kamera yawo. Ndinali nditatopa ndi kuchepa. Ulendo wachitatu ndinanyamula yaikulu ija, ndipo ikulira m'manja mwanga ndinamva ngati ndine munthu.

Kwathu ndinalemba kuti: "Makamera adula kwambiri kuno. Ndangogula yakale, yogwiritsidwa kale ntchito, kuti ndisaime. Yanu pirirani pang'ono."

Yankho linabwera tsiku lotsatira. "Chabwino, atate ake Taonga."

Lero ndikamakumbukira, chimene chimandiwawa n'chakuti kamerayo inali yabwinodi. Zithunzi zanga zinasintha, ndipo ndinkaziika pa intaneti monyadira. Koma phindu limene ndinkati lidzagula ya Esnati silinaoneke. Kamera yotero imafuna lenzi yofanana nayo, mabatire, chikwama chake. Pang'onopang'ono ndinachepetsa kuimba foni, chifukwa nthawi iliyonse tikamalankhula ndinkaopa kuti afunsa. Sanafunsenso.

Chaka chachitatu chitatha, mapepala anga ogwirira ntchito anatha, situdiyo nayo inachepetsa anthu. Ndinakulunga kamera ija m'thaulo, n'kuiika pansi penipeni pa chikwama, ngati katundu wakuba. Masiku awiri a m'basi ndinawathera pokonza mawu oti ndikanene.

Ku Chifubu ndinafika masana. Taonga anali atatalika, ndipo anandipatsa moni m'Chibemba atagwada, monga amachitira kwa alendo. M'nyumba, pakhoma, panali chithunzi chake atavala diresi loyera, tsiku limene analandira Ukalisitiya koyamba. Chinali chojambulidwa ndi foni, nkhope yosaoneka bwino, diresi lopsa ndi kuwala. Koma kaimidwe kake, ndi mphindi imene wojambula anasankha, mwana akuseka atatsala pang'ono kutembenuka, ndinadziwa kuti ndi diso la Esnati. Mwana wa ojambula awiri, tsiku lake lalikulu, chithunzi chake chinali chimenecho.

M'mawa mwake Esnati anakhala pakhonde akusankha zovala za m'belo, zabwino uku, zong'ambika uko. Ndinatulutsa kamera n'kuiika pampando pafupi naye. Anaiyang'ana, n'kupitiriza kupinda malaya.

"Amake Taonga, pali chimene ndinakunamizani."

"Ndikudziwa," anatero. "Munaika chithunzi cha mkwatibwi m'tchalitchi chamdima, popanda fulashi, ulusi wa velo ukuoneka umodziumodzi. Kamera yakale singachite zimenezo. Mesa munandiphunzitsa ndinu?"

"Nanga bwanji simunanene?"

"Ndinene chiyani? Ndinkadikira kuti munene nokha. Mukanandiuza kuti mwaikonda yaikulu, ndikanakwiya sabata imodzi, basi. Koma munandisiya ndikuuza azimayi kuti yanga ili m'njira. Anadikira, anadikira, manje ali ndi wojambula wina."

Sanakweze mawu. Ndikanakonda akanandilalatira. Ndinapepesa, mawu onse a m'basi aja ataiwalika, ndipo ndinati tiigulitse tigule ziwiri zapakatikati, monga zinayenera kukhalira poyamba.

Anapukuta manja pachitenje n'kuinyamula. Anaiika padiso, chala chikufufuza batani, n'kuliphonya kawiri. Ndinaona nkhope yake ikusintha, ndipo ndinayang'ana kumbali. Kenako anatembenukira kwa Taonga, amene ankatsuka makapu pampopi, n'kujambula. Anayang'ana chithunzicho nthawi yaitali.

"Ndi yolemera," anatero. "Zogulitsa tidzakambirana. Koma Loweruka kuli chilangamulilo cha mwana wa a Banda. Anandipempha ndiwajambule pa foni, poti alibe yolipira wojambula. Ndipita ndi iyi. Inu mukakhale pamsika."

Loweruka linafika. Ananyamuka seveni koloko atavala chitenje chatsopano, lamba wa kamera ali m'khosi, osacheuka. Ine ndinakayala zovala pabenchi lake monga anandisonyezera. Sindinkadziwa mtengo wa siketi kapena wa buluku la mwana, ndipo mayi wogulitsa nsapato pafupi nane ndiye ankandinong'oneza. Anandiuzanso zimene sindinafunse: kuti mvula itagwetsa denga la benchilo, Esnati analikonza yekha, ndiponso kuti Taonga atadwala malungo, azimayi apamsika ankasinthana kugulitsa m'malo mwake. Za malungowo ndinali ndisanamvepo.

Ndinkaganiza kuti ndikubwerera kwa anthu amene akhala akundidikira. Tsiku lonselo aliyense wofika pabenchipo ankayang'ana uku ndi uku n'kufunsa za Esnati m'Chibemba, "Bana Taonga bali kwi?" Palibe anafunsa kuti ine ndine yani, mpaka chakumadzulo, pamene mayi wina wachikulire anagula juzi, n'kundiyang'anitsitsa.

"Ndinu wantchito wawo watsopano?" anafunsa.

Ndinamupindira juziyo bwinobwino, n'kumuyankha kuti inde, ndangoyamba lero.